Lipoti la nkhani: kalipentala amene ankafuna satifiketi ya mafuta opaka mathabwa a kukhitchini

Ntchito yanga ndi kuthandiza anthu amene amapangira katundu kunyumba kuti zimene alemba pa botolo kapena pa chitini zikhale zoona, ndiponso zigwirizane ndi malamulo a kumene katunduyo akupita. Nkhani ino ndi ya bambo ena achikulire, kalipentala amene akhala zaka zambiri akusema mbale, masupuni ndi mathabwa odulirapo nyama ndi masamba. Dzina lawo ndalisunga. Ndailemba yonse chifukwa funso limene anabwera nalo ndimalimva kawirikawiri, komanso chifukwa pali pena pamene ineyo ndinatsala pang'ono kuphonya chinthu choopsa.

Mmene nkhaniyi inandipezera

Ogula ankawafunsa bambowa kuti thabwa likayamba kutuwa alipake chiyani. Iwo anali kale ndi mafuta osakaniza okha amene ankapaka katundu wawo asanamutumize, choncho anayamba kuthira mafutawo m'mabotolo ndi m'tizitini n'kumagulitsa pa intaneti. Ambiri mwa ogula anali a ku United States ndi a m'mayiko a European Union. Malonda anayenda bwino mpaka tsiku limene msika wa pa intaneti umene ankagulitsirapo unachotsa mafuta awo onse, n'kuwalembera kuti apereke umboni wa mawu amene anali pa lebulo.

Atandiimbira anati: "Mayi, ingondilozerani ofesi imene imapereka satifiketi. Zolipira ndilipira, bola katundu wanga abwerere pamsika."

Ndinawayankha kuti: "Bambo, ofesi imeneyo kulibe. Koma musataye mtima, tiyambe taona zimene zili m'mabotolomo."

Sanandikhulupirire msanga, ndipo sindinadabwe. Anali ataona zitini zambiri za makampani akuluakulu zolembedwa mawu ofanana ndi awo, ndiye ankaganiza kuti anzawowo ali ndi pepala limene iwo alibe.

Katundu anali wa mitundu inayi. Woyamba anali phala lolimba la m'kachitini: magawo anayi a mineral oil (mafuta oyengedwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi), gawo limodzi la phula la njuchi, ndi timadontho ta mafuta a ndimu tonunkhiritsa. Wachiwiri anali mineral oil yemweyo wopanda phula, m'botolo la chivindikiro chongopotokola. Wachitatu anali mafuta a tung (ofinyidwa ku njere za mtengo wa tung) osakaniza theka ndi theka ndi d-limonene, madzi osungunulira mafuta ochokera ku makoko a malalanje. Wachinayi anali mafuta a walnut osakaniza ndi boiled linseed oil (mafuta a njere za chomera cha flax) wogula m'sitolo ya zipangizo zomangira. Onsewo anali ndi lebulo imodzimodzi yosindikizira kunyumba: "food safe", "FDA approved", "100% natural", "kills germs", chizindikiro cha FDA (bungwe la boma la United States loyang'anira chakudya ndi mankhwala) chokopera pa intaneti, ndi kachithunzi ka tambula ndi foloko. Panalibe mndandanda wa zosakaniza, panalibe chenjezo lililonse, panalibe adiresi.

Ndinawauza kuti mawu awiri oti "food safe", kutanthauza kuti ndi abwino pa chakudya, amabisa mafunso atatu osiyana. Kodi zimene mwasakaniza n'zololedwa kukhudza chakudya? Kodi zikapakidwa pa thabwa, ndi zingati zimene zimasamukira m'chakudya? Nanga botololo, lili pa shelefu m'nyumba mwa munthu, lingavulaze wina? Bambowa anali ataganizira pang'ono funso loyamba lokha. Inenso, kunena zoona, masiku oyambawo maso anga anali pa mafunso awiri oyamba.

Za FDA ndi satifiketi imene kulibe

FDA siyesa chitini cha vanishi kapena botolo la mafuta opaka mitengo n'kulidinda chidindo. Chimene ili nacho ndi malamulo otchula zinthu zimene zingagwiritsidwe ntchito pa malo okhudza chakudya, ndipo udindo woonetsetsa kuti katundu akutsatira malamulowo uli pa wopanga mwiniwake. Choncho mawu oti "FDA approved" pa katundu wotere ndi abodza, ngakhale wolembayo atakhala kuti sanafune kunama. Chizindikiro cha FDA nachonso sichiloledwa pa katundu wamalonda. Ziwirizi tinazichotsa tsiku loyamba.

Gawo la malamulo a FDA limene amisiri a mitengo amakonda kutchula ndi 21 CFR 175.300, lonena za zopaka zimene zimauma n'kupanga khungu losadukiza pakati pa chakudya ndi chinthu chopakidwacho. M'gawoli muli mafuta ouma okha monga a linseed, a tung ndi a walnut, komanso mankhwala ofulumizitsa kuuma ochokera ku zitsulo monga cobalt, manganese, zinc ndi zirconium. Mtovu mulibe. Unaletsedwa mu penti ya m'nyumba ku United States mu 1978, ndipo kuyambira 2009 malire ake ndi magawo 90 pa miliyoni. Pachifukwa ichi amisiri ambiri amati chopaka chilichonse cha masiku ano chikakhwima ndi chabwino pa chakudya. Sindikana kuti pali nzeru pamenepo. Koma munthu wogulitsa botolo safunika nzeru yokha, amafunika kudziwa chimene chili m'botolomo, ndipo apa ndi pamene katundu wachinayi anagwera.

Boiled linseed oil wa m'sitolo nthawi zambiri sakhala wowiritsa chabe, amathiramo mankhwala ofulumizitsa kuuma aja. Chitini chimene bambowa ankagula sichinanene kuti ndi ati, ndipo chinalembedwa kuti ndi cha mipando, zitseko ndi zogwirira za zida. Pepala la chitetezo la kampaniyo, lija la magawo 16 lotchedwa SDS, silinatithandize, chifukwa pepala limeneli limatchula zoopsa zokha zimene zafika pa mlingo wina, si mndandanda wa zonse. Tinalembera kampaniyo kupempha kalata yotsimikiza kuti zosakaniza zake zonse zili mu 175.300. Kalatayo sitinailandire. Popanda kalatayo, bambowa akanakhala akulonjeza ogula chinthu chimene iwo eni sakuchidziwa, ndiye ndinawalangiza kuti katunduyu asiyidwe.

Panalinso nkhani ya walnut. Uwu ndi mtedza wa m'mitengo, umodzi mwa imene matupi a anthu ena amadana nayo koopsa. Lamulo la ku United States la 2004 lotchedwa FALCPA, ndi la ku Ulaya nambala 1169/2011 limene limatchula zinthu 14, amakakamiza kulemba zimenezi pa chakudya, osati pa polishi. Koma mafuta a bambowa anali ongofinya osayenga, ndipo mafuta otere amatha kukhalabe ndi mapuloteni amene amayambitsa vutolo. Mayi amene mwana wake amadana ndi mtedza ayenera kudziwa chimene chili pa thabwa limene akudulirapo buledi, kaya lamulo likukakamiza kaya ayi. Nditafotokoza izi, bambowa anakhala chete kwa kanthawi, kenako anandifunsa za mbale zimene anagulitsa kale atazipaka mafuta amenewa. Anafufuza m'mabuku awo n'kulembera ogula onse amene anatha kuwapeza. Zimenezo anaganiza okha, ine sindinawauze.

Mineral oil ndi phula nkhani yake ndi ina. Siziuma n'kupanga khungu, zimangolowa m'thabwa n'kumachoka pang'onopang'ono, zina m'madzi otsukira, zina m'chakudya. Ndiye funso lake ndi lakuti kodi n'zoti munthu angameze pang'ono osavulala. Mineral oil woyera woyengedwa bwino amaloledwa pansi pa 21 CFR 172.878 ndi 178.3620, phula la njuchi pansi pa 184.1973, ndipo ku Ulaya phulali lili ndi nambala E901. Chofunika ndi umboni woti chigubu chimene mwagula ndi cha mtundu umenewo, chifukwa mineral oil wa makina ndi wa chakudya amaoneka ofanana m'maso. Wogulitsa wawo anatitumizira pepala la zotsatira za labotale losonyeza kuti mafutawo ndi oyera a mtundu wololedwa pa chakudya. Pepala limenelo ndinaliwerenga mzere umodzi wokha umene ndinkaufuna, n'kuliika m'faelo.

Phula linatichedwetsa. Bambowa ankaligula kwa mlimi wa njuchi amene ankadziwana naye kwa nthawi yaitali, ndipo sanafune kumusiya. Vuto ndi lakuti phula limasunga mankhwala amene alimi ena amaika m'ming'oma pophera nthata zotchedwa varroa, monga coumaphos ndi tau-fluvalinate, ndipo phula la pamsika nthawi zina limakhala losakanizidwa ndi phula la paraffin kapena mafuta olimba otchedwa stearin, mwina mlimiyo osadziwa n'komwe ngati anagula zisa zopangiratu. Tinagwirizana kuti azigula phula lambiri nthawi imodzi, n'kutumiza kachidutswa ku labotale yovomerezeka pansi pa muyezo wa malabotale wa ISO/IEC 17025, kuti kuyeza kumodzi kuimire mulu wonse. Mulu woyamba unapezeka wabwino.

Bambowa anafunsabe ngati palibiretu pepala lililonse lochokera kwa munthu wapadera. Lilipo, koma ndi lochita kufuna. Bungwe loima palokha la NSF limalembetsa mafuta ndi mankhwala ogwiritsidwa ntchito m'malo okonzera chakudya, ntchito imene linaitenga unduna wa zaulimi wa ku United States (USDA) utaisiya mu 1998, ndipo gulu lake lotchedwa 3H ndi la mafuta amene amaloledwa kukhudza chakudya mwachindunji, kuphatikizapo pa mathabwa odulirapo. Limathandiza amene akufuna kugulitsa ku malesitilanti ndi ku mafakitale. Kwa munthu wogulitsa tizitini kwa anthu a m'nyumba, ndinaona kuti n'kokwanira kugula mafuta olembetsedwa kale ndi kusunga umboni wake, osaika chizindikiro cha NSF pa katundu wake, popeza kulembetsako ndi kwa kampani yopanga mafutayo, sikusamukira kwa wosakaniza. Anatchulanso EN 71-3, imene anaiona pa zitini zina. Umenewo ndi muyezo wa ku Ulaya wa zoseweretsa za ana, umayeza zitsulo ndi zinthu zina zimene zingachoke mwana akamaluma choseweretsa. Ndi umboni wabwino pa nkhani yake, koma si chilolezo cha chakudya.

Mawu oti "kills germs" anachoka mosavuta. Kulemba kuti katundu amapha majeremusi kumamusandutsa mankhwala ophera tizilombo pamaso pa lamulo, ofunika kulembetsedwa ku EPA, bungwe la boma la United States loteteza chilengedwe, pansi pa lamulo la FIFRA, ndipo ku Ulaya pansi pa lamulo nambala 528/2012. Za "100% natural" anakanirirako pang'ono, amvekere: "Koma mayi, mafutawo si amachokera pansi pa nthaka?" Ndinawauza kuti wogula akawerenga mawu amenewo amaganiza za zomera, osati za mafuta a m'gulu limodzi ndi petulo, ndipo lebulo imaweruzidwa ndi zimene wowerenga akumva.

Ku Ulaya

Lamulo lalikulu ndi nambala 1935/2004. Gawo 3 limati chinthu chokhudza chakudya chisasamutsire m'chakudyamo zinthu zoopsa pa thanzi, zosintha chakudyacho mosayenera, kapena zowononga kakomedwe ndi fungo lake. Mitengo, vanishi ndi phula zimatchulidwa m'lamuloli, koma zilibe lamulo lakelake la mayiko onse monga lili ndi pulasitiki mu 10/2011, choncho nakonso palibe satifiketi imodzi yoti munthu akatenge. Kachithunzi ka tambula ndi foloko ndi mawu a wopanga mwini, palibe ofesi imene imakapereka. Tinakachotsa pa zitini n'kulemba ntchito ya katunduyo m'mawu omveka.

Nkhani ya fungo ija ndi imene inachotsa timadontho ta ndimu m'phala. Ndinawapempha kuti apake thabwa, aikepo chidutswa cha batala kwa maola angapo, kenako alawe. Anamva ndimu. Sitinafunikenso kukambirana.

Gawo 17 la lamulo la 1935/2004 lija limafuna kuti katundu azitha kulondolozeka kumene anachokera, ndipo lamulo 2023/2006 limafuna kapangidwe kadongosolo kolembedwa. Kwa munthu wopangira kunyumba, izi zikutanthauza buku limodzi: mphika uliwonse ukhale ndi nambala, tsiku, nambala ya chigubu cha mafuta ndi ya mulu wa phula, ndipo nambala yomweyo ilembedwe pansi pa chitini.

Pamene ndinatsala pang'ono kuphonya

Tinali titatsala pang'ono kutumiza lebulo yatsopano ya botolo la mineral oil kukasindikiza pamene ndinatenganso pepala la labotale lija kuti ndikopere dzina lenileni la mafutawo. Maso anga anagwera pa mzere wa kukhuthala kwake. Analemba 70 SUS. SUS ndi muyeso wa kukhuthala kwa mafuta: nambala ikachepa, mafutawo ndi amadzimadzi.

Mafuta amadzimadzi a mtundu umenewu, ngakhale akhale oyera chotani, mwana akawamwa n'kutsamwa kapena kusanza, amatha kulowa m'mapapo. Akalowa amafalikira, thupi silitha kuwachotsa msanga, ndipo amayambitsa chibayo chimene chimapha. Ndi chifukwa chake ku United States, kuyambira 2002, lamulo la 16 CFR 1700.14 limafuna chivindikiro chovuta kutsegula ana pa katundu wamadzimadzi wa m'nyumba amene ali ndi ma hydrocarbon (gulu la mafuta limene muli mineral oil ndi petulo) okwana 10 peresenti kapena kuposa, ngati kukhuthala kwake sikufika 100 SUS pa 100 °F. Ku Ulaya, lamulo la CLP nambala 1272/2008 limaika malire pa 20.5 mm²/s pa 40 °C, ndipo mafuta osaposa pamenepo amafuna chenjezo la H304, lonena kuti angaphe munthu akamezedwa n'kulowa m'njira ya mpweya. Malire awiriwa ndi pafupifupi ofanana, angosiyana muyeso.

Taganizani botololo mmene linalili: mafuta oyera ngati madzi, chivindikiro chongopotokola, mawu akuluakulu oti ndi abwino pa chakudya, ndipo malo ake osungira ndi kukhitchini, pafupi ndi sinki, pamene mwana wa zaka ziwiri amafikira. Mawu omwe ankalimbitsa kholo mtima ndi amene akanachititsa kuti lisalibise. Usiku umenewo sindinagone bwino. Ndinali nditatha milungu ndikufufuza timankhwala tating'onoting'ono ta m'phula, pamene choopsa chachikulu chinali pa pepala limene ndinali nalo kale m'manja.

M'mawa ndinawaimbira. "Bambo, imitsani kusindikiza. Pali chimene sindinachione, ndipo kulakwa ndi kwanga." Panali njira ziwiri: kugula zivindikiro zotetezera ana ndi kulemba machenjezo onse, kapena kusintha mafuta. Tinasankha mafuta okhuthala a 350 SUS, amene ali kutali ndi malirewo. Amachedwa kulowa m'thabwa, ndiye pa malangizo tinalemba kuti apakidwe madzulo n'kupukutidwa m'mawa. Phala la m'kachitini silinakhudzidwe ndi lamuloli chifukwa si lamadzimadzi, komabe nalonso anayamba kulipanga ndi mafuta okhuthalawo kuti m'nyumba mwawo musakhale zigubu za mitundu iwiri zoti n'kusokonezeka. Mabotolo akale amene anatsala sanagulitsidwe, ndipo ogula akale analemberedwa kuti asunge awo patali ndi ana.

Nditatsegula maso chonchi, katundu wachitatu anaoneka mwatsopano. Bambowa ankaona d-limonene ngati chinthu chofatsa chifukwa chimanunkhira malalanje. Koma nayenso ndi hydrocarbon, amagwira moto pakakhala lawi pafupi akatentha kufika pafupifupi 48 °C, amatha kuyambitsa ziwengo pakhungu, ndipo amasungunula mafuta a tung mpaka kukhala amadzimadzi. Kuti agulitsidwe ku Ulaya pakanafunika zithunzi za chenjezo, chivindikiro chotetezera ana, ndi nambala ya UFI imene kuyambira 2021 imafunika pa katundu woopsa wogulitsidwa kwa anthu wamba, kuti madokotala othandiza amene amwa poizoni adziwe msanga zimene zili mkati. Kutumiza zinthu zoyaka pa positi kulinso ndi malamulo ake. Zonsezi n'zotheka, koma zinali zolemera kwa munthu mmodzi. Anasankha kugulitsa mafuta a tung okhaokha osasakaniza, ochokera kwa wogulitsa amene anapereka kalata yoti mulibe mankhwala ofulumizitsa kuuma.

Mafuta a tung amafuna kuleza mtima, ndipo lebulo iyenera kunena zimenezo. Kuuma pamwamba si kukhwima. Mafutawa amalimba akamagwirizana ndi mpweya, pang'onopang'ono, ndipo tinalemba kuti chiwiya chidikire masiku 30 kuchokera pa kupaka komaliza, ndipo ngati chikumvekabe fungo chidikirebe.

Kugwirizana ndi mpweya komweko kumatulutsa kutentha, n'chifukwa chake nsanza zopukutira mafuta ouma okha zikaunjikidwa zimatha kuyaka popanda woyatsa. Moto wa pa nyumba yosanja ya One Meridian Plaza ku Philadelphia, ku United States, mu February 1991, unayambira pa nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed zimene zinasiyidwa pa nsanjika ya 22, ndipo ozimitsa moto atatu anafa. Bambowa ankadziwa bwino zimenezi, nsanza zawo ankaziviika m'chidebe cha madzi tsiku lililonse, koma sanaganizepo kuti wogula amene sanagwirepo ntchito ya mitengo sangadziwe. Chenjezoli tinaliika kutsogolo kwa botolo, osati kumbuyo.

Zimene zinatuluka

Katundu anatsala wa mitundu itatu. Pa lebulo ya phala pali dzina lake, kulemera kwake, dzina ndi adiresi ya wopanga, nambala ya mphika, ndi zosakaniza ziwiri zokha. M'malo mwa mawu akale, palembedwa kuti lapangidwa ndi mineral oil woyera wogwirizana ndi 21 CFR 172.878 ndi phula la njuchi, kuti ndi lopaka pa mathabwa ndi ziwiya zamtengo za kukhitchini, kuti si chakudya, ndipo lisungidwe patali ndi ana. Chiganizo chilichonse pamenepo chili ndi pepala lochiikira kumbuyo m'faelo. Malebulo opita ku Ulaya anamasuliridwa m'zilankhulo za mayiko amene katunduyo amapita.

Msika uja tinautumizira malebulo atsopano, mapepala a labotale a mafuta ndi phula, kalata ya wogulitsa tung, ndi SDS ya katundu aliyense. Unabwezeretsa mitundu itatuyo. Malonda sanabwerere msanga pamene anali, ndipo bambowa amakhulupirira kuti ogula ena anapita kwa anzawo amene akulembabe mawu okoma aja. N'kutheka kuti akunena zoona, ndipo sindinayese kuwatsutsa.

Tinagwirizana kuti faeloyo tiziitsegulanso wogulitsa akasintha, chosakaniza chikasintha, kapena akafuna kugulitsa ku dziko latsopano. Patapita miyezi ingapo anandiimbira. Chigubu chatsopano chinali chitafika ndi pepala lolembedwa 90 SUS m'malo mwa 350, ndipo anachiona asanatsegule. "Mayi, ndachibweza kale," anatero, "ndimangofuna mulembe m'faelomo."